Nyumba Imene Inatuluka pa Wilibala

Amuna awo a Asingano anali okonza mawotchi. Anali munthu wa zala zaulemu, wotha kutola kachitsulo kochepa ngati nsabwe n'kukabwezera pamalo pake osapuma. Koma munthu yemweyo mukampatsa fosholo ndi thumba la simenti, ayi ndithu, munkayenera kuipempherera nyumbayo. Pansi pa nyumba yawo anapaka okha aWotchi, monga anthu ankawatchulira, chipinda chimodzi chaka chino, china simenti ikadzapezeka, ndipo panalibe zipinda ziwiri zofanana. Pabalaza panali posalala, popaka polishi, koma pakatikati panatupa ngati wina anaiwalika pansi pake. M'kanjira kopita kuzipinda anachulutsa mchenga, moti munkakhakhala ngati lilime la mphaka. Kukhitchini kunapendekera kukhomo, madzi akatayika ankadziwa okha njira yotulukira. Kuchipinda chogona kunali mng'alu woyambira pamwendo wa bedi mpaka pachitseko, wowongoka kuposa chilichonse chimene aWotchi anayesapo kuwongola mwadala.

"Malemu anga ankayeza pansi ndi diso limodzi, lija la mawotchi," ankatero Asingano alendo akapunthwa. "Linalo linali patchuthi."

Dzina la Asingano linawagwera pawiri. Anasoka zovala za anthu moyo wawo wonse, komanso pakamwa pawo pankabaya. Amuna awo atamwalira anatsala okha m'nyumbamo, ndipo sankadandaula. Chodandaulitsa chinabwera pambuyo pake, mwakachetechete ngati mlendo wa ulemu. Chinayamba ngati chifunga m'mbali mwa maso, kenako chinasendera pakati. Anapita okha kuchipatala osauza munthu. Adokotala anawaunika, n'kunena kuti mitsempha ya maso ikuuma ndipo chouma sichibwerera.

"Ulendo wina mubwere ndi wachibale, mayi."

"Ndibwera naye," anatero Asingano, ndipo anakapondako komaliza tsiku lomwelo.

Wachibale wake ndani? Anali ndi mwana mmodzi wokhala pafupi, wotsiriza kubadwa, amene ankamutchulabe kuti Mzime ngakhale dazi linali litamudya mpaka kunkhongo. Mzimeyo anali ndi nyimbo imodzi yokha: Amayi, tiyeni muzikakhala kwathu. Kwawoko kunali pamwamba pa nyumba yosanja, kumene ukatsegula zenera umaona zenera la mnzako. Asingano ankadziwa kuti mawu oti khungu akangotuluka, nyimboyo isanduka lamulo, ndipo mtolo wawo umangidwa dzuwa lisanalowe.

Choncho anabisa. Anasiya kusoka, nati msana wakana. Anthu ankawadziwa ndi mawu ndi kayendedwe. Ndipo m'nyumba, inu, mukanawaona simukanakhulupirira. Ankayenda osavala nsapato, mwamsanga ngati mtsikana, chifukwa mapazi awo ankawerenga pansi monga ena amawerengera nyuzipepala. Pakakhakhala, ndiye kuti tili m'kanjira. Phazi likakwera chitumbira, mpando waukulu uli kumanzere. Pakayamba kutsetsereka, sitovu ili pafupi, manja asamale. M'mawa ankatsitsa chala chachikulu pamng'alu, mng'aluwo n'kuwaperekeza mpaka pachitseko. Zolakwa zonse za aWotchi zinasanduka maso a mkazi wawo.

Loweruka lililonse Mzime ankabwera ndi mkazi wake. Mpongoziyo anali mphunzitsi, mkazi wa mtima wabwino koma wosatha kuona fumbi n'kulisiya lipume. Loweruka lina anakolopa pabalaza, foni yake inalira, n'kusiya ndowa pakati penipeni. Asingano anatulukira kukhitchini atanyamula makapu. Mapazi anawauza zoona zonse za pansi, koma za ndowa sanauzidwe. Kunamveka phokoso ngati galimoto lagunda sitolo ya mbale.

Anawadzutsa atanyowa, bondo likutuluka magazi.

"Amayi, ndowa yonseyi simunaione?" anafunsa Mzime.

Lilime la Asingano linali lisanagonepo pantchito.

"Ndisaione ndine khanda? Ndi chitumbira cha bambo akochi. Chandikola phazi n'kundiponyera pandowapo."

Mzime anayang'ana chitumbiracho monga munthu ayang'anira galu amene waluma mwana.

"Basi. Pansi ponsepa tiswa. Ndakhala ndikunena."

"Iwe, ndangonena chabe..."

"Lero ndi bondo, mawa ndi chiuno. Musankhe, Amayi. Tikonze pansi, kapena tizipita kwathu."

Ndi mmene chitumbira chosalakwa chinaweruzidwira popanda mboni, ndipo woneneza wake anali yemwe chinkamusunga.

Loweruka lotsatira anawatengera kusitolo yogulitsa zoyala pansi. Asingano anagwira mkono wa Mzime, nati bondo likadali kuwawa. Munali mozizira, monunkha guluu ndi makatoni. Wogulitsa anali bambo wolankhula ngati wailesi yopanda kozimitsira.

"Takulandirani, mayi! Zonse zilipo. Awa ndi matayilosi onyezimira, mukhoza kumadziyang'anirapo podzola mafuta. Awa ndi okhakhala pang'ono, saterera ngakhale anyowe. Uku kuli matabwa, otentha bwino kumapazi, koma sagwirizana ndi madzi ndiponso chiswe chimawakonda. Iyi ndi kapeti ya pulasitiki, yofewa, yosavuta kupukuta, kungoti miyendo ya mipando imaiboola. Iyo yaubweya..."

"Yaubweya ayi," anatero mpongozi. "Fumbi lake ndi chifuwa."

"Onyezimirawo ndi okongola," anatero Mzime.

"Okongola kwa adokotala a mafupa," mkazi wake anamuyankha.

Asingano anawerama n'kuvula nsapato.

"Amayi! Pali anthu!"

"Anthuwo sanaonepo mapazi? Okagwira ntchito pansipo ndi awa, osati iwe. Asiye asankhe okha."

Wogulitsa anaseka, n'kuwayalira zidutswa pansi mondondozana. Asingano anaponda chimodzichimodzi. Onyezimirawo anali ozizira ndi osayankhula, ngati moni wa munthu wolemera. Okhakhalawo anali ndi timchenga tochepa. Thabwa linali lofunda ndipo linkalira pang'ono chidendene chikagunda. Pulasitiki inkamata kuphazi. Atafika kumapeto, nzeru inawagwera ngati mvula ya dzuwa, mpaka anamwetulira.

"Ndasankha. Pabalaza muike matabwa. M'kanjira okhakhalawa. Kukhitchini pulasitiki. Kuchipinda kwanga kaubweya pang'ono, chifuwa ndi changa. Kosungira katundu musiye simenti."

Mpongozi anaphulika kuseka. Sikunali kuseka kwachipongwe, kunali kwa munthu amene akuganiza kuti apongozi ake ayambanso nthabwala zawo.

"Amayi, nyumba idzakhala ngati bulangete la zigamba! Alendo adzati tinatola zotsala m'masitolo asanu."

"Zigamba zinakuphunzitsirani mwamuna wanuyu, apongozi. Musazinyoze."

"Zitheka ndithu," analowerera wogulitsa, "koma ndinene chilungamo. Zinthuzi zimasiyana makulidwe. Pokumana thabwa ndi tayilosi pamafunika kachitsulo kophimba, pakhomo lililonse. Ndiye achikulire ambiri amapunthwa pomwepo."

"Mwamva?" anatero Mzime. "Tikuswa pansi chifukwa cha kupunthwa, ndiye tigule zopunthwitsa zatsopano?"

"Ine ndimakweza mapazi poyenda."

"Munakweza tsiku lija?"

Asingano anakhala chete. Ndipo chifukwa kukhala chete sikunali khalidwe lawo, Mzime anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. Anawagwira dzanja monga ankachitira ali mwana powoloka msewu.

"Amayi, nyumba ndi yanu. Ngati pali chifukwa chenicheni, nenani, tichita zomwezo. N'chiyani?"

Khomo lonenera zoona linatseguka pamenepo, lonse. Mawu anakwera mpaka pakhosi: mwananga, nkhope yako ndinaiona komaliza chaka chatha. Koma kumbuyo kwa mawuwo Asingano anamva masitepe a nyumba yosanja, ndi chitseko cha nyumba yawo chikukhomedwa. Anameza.

"Ndimafuna ndikayenda m'nyumba ndizimva ngati ndazungulira mayiko. Paja sunandikwezepo ndege."

Onse anaseka, wogulitsa mpaka kugunda tebulo. Anagwirizana zabwino zokhazokha: matayilosi okhakhala pang'ono, osaterera, aakuluakulu, mtundu umodzi nyumba yonse, opanda chokwera kapena chotsika pakhomo lililonse, kuti mayi asadzapunthwenso. Asingano anavala nsapato zawo. Zingwe zinawavuta kumanga, koma palibe anaona.

Mmisiri amene anabwera anali wa ndevu zotuwa, kaya ndi ukalamba kaya ndi simenti, ndipo ankakonda levulo yake yoyezera pansi kuposa mkazi wake. Katundu anamutulutsira pabwalo. Asingano anakana kupita kwa Mzime, nati akuba adzawabera mapoto, ndipo anasamukira m'kachipinda kakunja. Masana ankakhala pakhonde kumvetsera.

Nyundo inayambira pabalaza. Chitumbira chinalimba, mmisiri mpaka anachitukwana. Chitasweka, wilibala inadutsa pafupi ndi mapazi awo ikulira gudumu, n'kukakhuthula kuseri kwa mpanda. Inabweranso, inapitanso. Asingano ankadziwa ndi khutu kuti tsopano ikutuluka ndi kanjira, tsopano khitchini.

"Amene anapaka pansi pano anali ndi mlandu ndi inu, mayi?" anafunsa mmisiri akupukuta thukuta.

"Anali mwamuna wanga."

"Pepani."

"Musapepese. Mlandu unalipo, anandikwatira."

Tsiku limene anafika kuchipinda chogona, Asingano anamuitana n'kumupatsa tiyi wa shuga wambiri, wonyengerera.

"Amisiri, ndikupempheni kanthu. Poyala matayilosiwo, mundisiyireko kamzere kamodzi kotumphuka. Kochepa chabe, kuchokera pabedi kufika pachitseko. Kena kuchokera pabalaza kupita kukhitchini."

Mmisiri anatsamwa ndi tiyi.

"Kotumphuka? Mwadala?"

"Mwadala."

"Mayi, anthu akadzalowa muno sadzafunsa kuti anapempha ndani. Adzafunsa kuti anayala ndani. Dzina langa lidzatumphuka limodzi ndi kamzereko. Ndiponso mwana wanu wandilumbiritsa kuti pasapezeke pokola ngakhale chikhadabo. Ine ndikamaliza, mudzathire madzi paliponse. Adzakhala pomwepo kukudikirani."

Ananena monyadira, ndipo sananame. Anali mmisiri weniweni, tsoka lake linali lomwelo. Anadzaza potsika, anasema pokwera, mipata ya pakati pa matayilosi anaitseka mosalaza moti chikhadabo chinkangodutsa. Atamaliza, mpongozi anabwera kudzalongosola katundu. Mipando anaikankhira kumakoma kuti pansi paoneke. Makina osokera anawapititsa kosungira katundu, poti miyendo yake yachitsulo ikanakanda matayilosi.

"Lowani, Amayi, muone nyumba yanu!"

Asingano anavula nsapato pakhomo n'kuponda. Anapondanso. Anayenda pang'ono atagwira mkono wa Mzime. Pansi pankanena mawu amodzimodzi paliponse, ngati mwana woloweza.

"Mwaona bwanji?"

"Ndasowa chonena," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunena zoona m'nkhani yonseyi.

Anayesetsa, tisawanamizire. Ntchito ya mapazi anaipereka kwa manja. Ankayenda chokhudza khoma, kuchoka pachitseko kufika pachitseko, ngati buluzi. Koma manja anali ophunzira ochedwa, ndipo munthu wonyamula poto alibe dzanja la khoma. Nyumba inayambanso kubweza mawu. Supuni ikagwa kukhitchini inkamveka ngati yagwa kuchipinda. Anachepetsa kuphika. Anachepetsa kumwa madzi kuti achepetse maulendo. Pabalaza, pamene kale ankadutsa pakati ngati mwini wake, tsopano ankazungulira m'mbali ngati wobwereka.

Loweruka linafika, kunja kuli mitambo. Anaika mkaka pasitovu kuti ana akafika apeze tiyi, monga mwa masiku onse. Kenako anakumbukira kuti chitseko chakumaso chikadali chokhoma. Anatenga kiyi, ndipo chifukwa mkaka sudikira munthu, anati lero ndidutse pakati. Ali pakatipo kiyi anapulumuka m'manja. Analira kamodzi n'kutsetsereka.

Anagwada. Anapapasa kutsogolo, kumanja, kumbuyo. Anazungulira ndi mawondo uku akumutukwana kiyiyo ndi makolo ake omwe. Anamupeza. Anaimirira.

Ndiyeno anazindikira kuti sakudziwa kumene nkhope yawo yaloza.

Anafunsa mapazi. Mapazi anati, kuno n'chimodzimodzi. Anasuntha pang'ono, anafunsanso. Chimodzimodzi. Chifunga cha m'maso chinali chotuwa mbali zonse, zenera silinkasiyana ndi khoma. Kwinakwake mkaka unayamba kufufuma, kenako kulira pamoto, koma kulirako kunkachokera kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi.

"Usachite mantha, chitsiru iwe," anadziuza. "Nyumba ndi yako."

Anayenda manja ali kutsogolo mpaka anagunda mpando. Mpando uti? Yonse inali kumakoma tsopano. Anatsata khoma, anapeza khomo, analowa. Anatambasula dzanja mosamala kufuna sitovu, n'kukhudza chitsulo chozizira chokhala ndi gudumu. Makina osokera. Anali kosungira katundu.

Fungo linasintha. Sunalinso mkaka wokha, inali nsalu. Kansalu kopukutira mbale anakasiya pafupi ndi poto. Anatembenuka msanga, chigongono chinagwetsa makatoni, ndipo khomo limene analowera linasowa. Paliponse pamene ankagwira panali shelefu.

Kunja kunamveka kugogoda.

"Amayi! Tafika!"

"Ndikubwera!"

Mawu awo anatuluka bwinobwino, ngati a munthu amene akungovala mpango.

"Amayi, kukununkha chiyani? Tsegulani!"

"Ndati ndikubwera! Wabadwa liti iwe wosadziwa kudikira?"

"Utsi! Bambo ake, utsi ukutuluka pazenera!" Ameneyo anali mpongozi.

Chitseko chinagwedezeka. Asingano anali ndi kiyi m'manja, atamufinya mpaka kuwawa, ndipo mwana wawo ankawaitana kuchokera kumbali zonse zinayi. Utsi unawapeza. Anakhosomola. Pamenepo nthabwala zinawathera, ndipo anaitana munthu amene sakanabwera.

"AWotchi! Mwandisiya pati?"

Kunamveka thabwa likusweka kukhomo lakukhitchini, madzi akuthiridwa, mawindo akutsegulidwa, mapazi akuthamanga chipinda ndi chipinda. Moto sunali waukulu. Unadya kansalu, katani ndi theka la shelefu. Mzime anawapeza ataima pakati pa makatoni.

"Amayi! Mukutani muno? Bwanji simunatsegule? Mukufuna kufa?"

"Usandikalipire m'nyumba mwanga. Kiyi wako nayu."

Anatambasula dzanja kumupatsa. Analitambasulira kushelefu. Mzime anali mbali inayo.

Asingano anamva mpweya wa mwana wawo ukusintha, kenako kamphepo kochepa pankhope, kakupita, kakubwera. Ankawagwedezera dzanja pamaso.

"Leka kundikupiza ngati nyama ya pamsika," anatero motsitsa. "Sindikuona. Ndanena."

Anawakhazika pampando pabalaza. Mpongozi anawapatsa madzi, n'kuwagwiritsa kapu ndi manja ake awiri.

"Chiyambire liti?" anafunsa Mzime.

"Kalekale. Dazi lakoli ndinalisiya lili pakati. Ndikumva kuti linapitirira."

Palibe anaseka.

"Nanga munkayenda bwanji? Munkaphika, munkatipatsa tiyi..."

"Bambo ako ankandiyendetsa."

Anawafotokozera za lilime la mphaka, za chitumbira, za kutsetsereka kwa kukhitchini, za mng'alu. Ankanena ngati akutchula mayina a abale amene anamwalira. Ali mkati mofotokoza anamva mpongozi akufwenthera.

"Kusitolo kuja," anatero mpongoziyo. "Matabwa pabalaza, pulasitiki kukhitchini. Ine ndinaseka, Amayi. Ndinati zigamba."

"Munaseka chifukwa ndinakuseketsani. Ndi ntchito yanga imeneyo."

"Ndipo tsiku munagwa lija, sichinali chitumbira. Inali ndowa yanga."

"Apongozi, chitumbira chinafa kale. Chisiyeni chinyamule mlanduwo, sichikumva kuwawa."

Mzime anaimirira, anayenda, anabwerera. Nsapato zake zinkalira mofanana paliponse.

"Ndinakufunsani, Amayi. Ndinakugwirani dzanja n'kukufunsani."

"Unandifunsa."

"Mukananena!"

"Ndikananena ukanatani? Usaname, ndinakubala ndine."

Mzime anasiya kuyendayenda.

"Ndikanakutengani tsiku lomwelo."

"Ehe."

Kenako anayamba kulankhula mothamanga, ngati mwana amene waswa mbale ndipo akulonjeza kugula khumi. Aitananso mmisiri. Aswe zonse. Aike matabwa, pulasitiki, ubweya, zitsulo pakhomo lililonse, chilichonse chimene Amayi akufuna. Apeza munthu wodzakhala nawo. Amanganso chitumbira ndi manja ake ngati n'kofunika.

Asingano anamusiya mpaka mpweya unamuthera. Mapazi awo anali pansi, ndipo ankawasuntha pang'onopang'ono, kumvetsera komaliza ngati pali chimene chingayankhe. Masiku onsewa ankaopa kuchotsedwa m'nyumba yawo. Tsopano, atakhala pakati pake, anafufuza mantha aja n'kupeza kuti palibe chowagwirira.

"Khala pansi, Mzime. Pansi paja sindinapaphunzire ndi mapazi okha. Ndinapaphunzira ndikuona. Ndinaona bambo ako akupaka, ndinawatukwana, ndinapakolopa iwe ukukwawa. Maso atapita, mapazi ankangokumbukira. Zatsopano zilizonse ungaike, ndidzakhala mlendo wopapasa. Lero yapsa katani. Mawa?"

"Koma nyumba yanu, Amayi."

"Nyumba yanga inatuluka pa wilibala, mwananga. Ndinaimva ikudutsa. Ino ndi nyumba yabwino, koma sitikudziwana."

Mzime analira monga amalirira amuna a dazi, mopanda phokoso, mphuno yokha ikugwira ntchito. Amake anamufufuza ndi dzanja, napeza phewa, nakwera mpaka pamutu.

"Ii, linapitiriradi," anatero.

Sanatenge zambiri. Zovala, mabulangete, bokosi la zida za aWotchi. Makina osokera Asingano anati atsale, kumwamba kuja sangakwere, ndipo akakwera akasoka chiyani. Mzime anatulutsira katundu kugalimoto, kenako anapita kukafuna kalipentala woti akonze chitseko chimene anaswa. M'nyumba munatsala anthu awiri.

Mpongozi anawagwira mkono. Poyamba anawakoka mofulumira, kenako anazindikira, nayamba kuyenda mwa mayendedwe awo. Anadutsa pakati pabalaza. Atatsala pang'ono kufika pakhomo, Asingano anaima.

"Apongozi."

"Amayi."

"Anthu adzandifunsa kumene ndikupitako, ndiye ndisadzachite manyazi. Matayilosi angawa ndi amtundu wanji?"

Mpongozi anayang'ana pansi.

"Otuwira, Amayi. Ngati mchenga wouma. Ali ndi timadontho toyera."

"Dothi limaonekera?"

"Ayi. Sadetsedwa msanga."

"Ndiye tinasankha bwino," anatero Asingano. "Odzakhala muno sadzavutika."

Anatambasula phazi kufuna sitepe ya pakhonde, ndipo mpongozi anawauza kuti yatsala pang'ono, asendere kaye.